Ndinapha njoka ya mwana wanga

Ndikamawerengera anthu njoka zimene ndinapha pa moyo wanga, pali imodzi imene ndimaidumpha. Koma poti kwathu kuno palibe amene sakuidziwa nkhaniyo, ndipo ena ayamba kuithira nsinjiro mpaka ndikumveka ngati munthu wozungulira mutu, ndaona kuti bola ndiifotokoze ndekha. Kuseka museke, sindikuletsani. Chokhacho mundimvereko chisoni pang'ono, chifukwa tsiku limenelo ndinaliza mwana wanga wamkazi anthu akuona.

Ine ndinadula nzimbe ku Dwangwa zaka zoposa makumi awiri. Kenako anandipatsa ukapitawo, kenako mawondo anakana, ndiye ndinabwerera kwathu kuno kunyanja kudzalima mpunga. Amene sanalowepo m'munda wa nzimbe sangadziwe kuti ntchito imeneyi theka lake ndi njoka. Munda amayamba autentha tisanalowemo ndi zikwanje, ndipo njoka zimene zapulumuka moto zimabisala m'ngalande ndi pansi pa milu ya nzimbe, zili zokwiya kale. Tsiku langa loyamba kapitawo wina wachikulire wa kumpoto anatikhazika pansi n'kutipatsa malamulo. Ukaona njoka usakuwe, chifukwa pamene iwe ukutsegula pakamwa, iyo yatsegula kale pake. Usayang'ane kawiri. Tema kuseri kwa mutu. Ndipo mutuwo uwotche nthawi yomweyo, apo ayi inzake imabwera kudzaufunafuna, n'kupeza iweyo. Malamulo amenewa anandisunga ndi moyo, ndipo analowerera m'dzanja langa lamanja moti dzanjalo linasiya kudikira kuti mutu ulamule.

Nditabwerera kumudzi, mbiri inali itafika kale ine ndisanatsike minibasi. Njoka ikalowa m'khola la nkhuku, m'kalasi, kapena m'chimbudzi cha munthu, anthu ankathamangira kwa ine. Ndisaname, zimenezi zinkandikoma. Munthu ukapuma pa ntchito anthu amasiya kukufuna, ndiye ukapeza kanthu kamodzi kamene amakuitanira, umakasamala kwambiri. Chikwanje changa cha ku esiteti ndinkachinola Lolemba lililonse, kaya kwamveka njoka kaya ayi.

Tsopano mumve za Tiyamike, mwana wathu wotsiriza. Ine ndinkafuna adzakhale namwino. Iye anapita ku koleji mumzinda kukaphunzira zaluso, ndipo atamaliza anati ntchito yake ndi kujambula ndi kuwala. Ndinamufunsa kuti kuwala amakugwira bwanji kuti ajambule nako. Anandifotokozera, sindinamve, ndipo sindinafunsenso. Anzanga pa bawo akafunsa kuti mwana uja akugwira ntchito yanji, ndinkayankha kuti ali m'zamagetsi, n'kufulumira kuweramira nkhomo zanga. Ndinkachita naye manyazi mwana wanga, ndipo iye ankadziwa.

Pafupi ndi kwathu pali dispensale yakale ya mishoni, nyumba ya njerwa zowotcha yokhala ndi khonde lalitali ndi nsanamira zisanu zonenepa. Inasiya kugwira ntchito atamanga chipatala chatsopano kumsewu, koma theka la mudzi uno linabadwira momwemo, Akhristu ndi Asilamu omwe. Chaka chimenecho nyumbayo inkakwanitsa zaka zana, ndipo mayi Nachisale, namwino wopuma amene anabaya jakisoni matako a tonsefe, anasonkhanitsa komiti yokonza mwambo. Ndi iwowo amene anapempha Tiyamike kuti apange chinthu cha nyale choti chidzawale pa nyumbayo Loweruka madzulo. Ena m'komitimo ankafuna kungobwereka nyale za disiko kwa mnyamata woimbitsa paukwati, koma mayi Nachisale anamenya ndodo yawo pansi n'kunena kuti mwana wa pano alipo. Kanali koyamba kuti Tiyamike aonetse ntchito yake kwawo.

Anandiimbira foni kundifotokozera zonse. Mwatsoka, pa wailesi panali mpira. Ndinkangoti, "Eya, eya, ndi bwino mwanawe," khutu lina lili ku wailesi. (Iye akuti pa foni imeneyo mawu oti njoka anawatchula kanayi. Ine sindikutsutsa.)

Lachisanu la sabata imeneyo ndinapita ku maliro ku Kanyenda. Tinaika mochedwa, ndiye ndinagona komweko, ndipo Tiyamike anafika ndi katundu wake ine kulibe. Loweruka ndinapalasa njinga m'mamawa, tulo tili m'maso, n'kupeza pakhomo pali zii. Mkazi wanga, amake Tiya, ndi Tiyamikeyo anali atapita kale kukasesa ku dispensale. Kuseri kwa nyumba dzala linkafuka utsi wa zinyalala zimene anatentha asananyamuke.

Njinga yanga imagona m'kachipinda kakuseri kamene timasungiramo mpunga. Kachipindako kalibe windo. Ndinakankha chitseko ndi tayala lakutsogolo, kuwala pang'ono n'kulowa, ndipo mtima unangoti myuu. Pakati pa matumba panali nsato. Osati kamwana ka nsato ayi, chinsato chonenepa ngati ntchafu yanga, cha mawanga ofiirira ndi akuda, chitadzipindapinda, mutu uli chakuchitseko, maso akung'anima. Chinali chitagona pa mkeka wathu watsopano, umene amake Tiya salola ngakhale ine kukhalapo.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti mkeka wafika bwanji m'chipinda cha mpunga, ndipo wauyala ndani. Ine chimene ndinaganiza n'choti njoka iyi ndi yamwano.

Sindinakuwe. Sindinayang'ane kawiri. Njinga ndinaisiya igwe, dzanja n'kupita lokha pamwamba pa chitseko pamene ndimapachika chikwanje. Kha! kuseri kwa mutu. Mutu unadumpha n'kugwera panja. Thupi linagwedezeka, ine n'kuwonjezera katatu, kha! kha! kha! Kunena zoona, chikwanje chinalira mwachilendo, ngati ndatema paipi ya madzi, ndipo magazi sindinawaone. Koma ndinadziuza kuti uno ndi mwezi wa Juni, kukuzizira, ndipo njoka m'nyengo yozizira magazi ake amauma. (Nzeru imeneyi sindinaimvepo kwa munthu aliyense. Ndinaipeka pomwepo, ndipo ndinaikhulupirira.)

Ndinatseka chitseko msanga, chifukwa thupi la nsato limachedwa kufa. Linatsala lamulo lomaliza. Ndinatenga nsungwi yaitali n'kukankha mutu uja, nkhope nditatembenuzira kumbali kuti usandione bwino, mpaka unagwera m'dzala lofuka lija. Ndinathirapo parafini yense amene anali m'botolo, moto n'kuti lawi. Apo ndi pamene ndinakuwa tsopano, kukuwa kwa munthu wopambana.

"Anthuni, bwerani mudzaone!"

Oyamba kufika anali a Jafali, msodzi woyandikana nafe, singano yosokera ukonde idakali m'manja. Kenako amayi ochokera ku mjigo ndi ndowa zawo, kenako abambo amene ankapita kudimba. Ndinaima pakhomo pa kachipinda kaja, chikwanje chili paphewa, n'kuyamba kufotokoza. Ndinati inadzutsa mutu mpaka m'chiuno mwangamu. Ndinati tinayang'anizana maso ndi maso kwa nthawi ndithu. Pamene ankafika ochedwa n'kupempha kuti ndiyambirenso, mutu uja unali utakwera mpaka pachifuwa. (Mulungu andikhululukire, ndinatinso inandiphonya pang'ono pakhosi.)

Amake Esinati, amene amagulitsa zitumbuwa pamsewu, sanakondwe nazo. "Inu bambo a Tiya, nsato saipha. Makolo ankati imeneyo ndiyo imayenda ndi mvula. Chaka chino mpunga ukapsa, tonse tidzabwera kudzadya kwanu kuno."

"Mayi, ikanameza nkhuku zanu bwenzi mukulankhula zina," ndinatero, anthu n'kuseka mondivomereza.

A Jafali ndi munthu wosalankhulalankhula. Nthawi yonseyi anangoima pafupi ndi dzala, akununkhiza m'mwamba.

"Achimwene," anatero, "njoka yanuyi ikununkha ngati jumbo."

"Ndi mafuta ake amenewo."

"Ine ndawotchapo njoka. Imanunkha ngati nsomba yopserera. Iyi utsi wake ndi wakuda bii, ndipo taonani, mukutuluka waya."

"Ndi mitsempha," ndinayankha, koma mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Pofuna kuwatseka pakamwa a Jafali, ndinatsegula chitseko, n'kukola thupi lija ndi nsungwi, n'kuyamba kulikokera panja. Anthu anabwerera m'mbuyo, amayi akukuwa. Chinatuluka chidutswa choyamba, kenako chachiwiri. Pa dzuwa, mawanga aja anaoneka kuti ndi ukonde wonyikidwa mu utoto, wokutidwa pa paipi yoonekera mkati, ndipo m'paipimo munali timababu tating'onoting'ono tondondozana. Ndinapitiriza kukoka, chifukwa sindinadziwe china chochita. Pomaliza unatuluka mchira. Kumchirako kunali chingwe chakuda, ndipo kumapeto kwa chingwecho kunali pulagi.

Kenako amake Esinati anati, "Basi, mvula ibwera," ndipo anthu anafa nalo phwete.

Nanenso ndinasekako, kuseka kwa manyazi, ndisanamvetse kukula kwa chimene ndachita. Ndinamvetsa nditaona Tiyamike akubwera chothamanga, tsache lidakali m'manja. Wina anali atakawauza kuti bambo apha nsato m'chipinda cha mpunga, ndipo iye sanafunikire kufunsa kuti nsato yake iti.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anagwada pa fumbi n'kutola zidutswazo chimodzichimodzi, akuzigundanitsa ngati zingalumikizane zokha. Kenako anayang'ana m'dzala. Kuseka konse kunatha.

"Miyezi itatu, bambo," anatero. "Ndasoka chinthu ichi miyezi itatu."

"Mwanawe, mumdima muja..."

"Ndinakuuzani. Ndinati ndikupanga njoka yoti idzakwere nsanamira ya pakati. Inu munati ndi bwino." Misozi inayamba kutsika, iye osaipukuta. "Anthu akhala akunena kuti sukulu yanga inali yotaya nthawi. Lero ndimati aone. Inunso ndimati muone."

Amake anafika ali wefuwefu. Anasuzumira m'kachipinda, anaona mkeka wawo uli ndi mabala anayi a chikwanje, n'kutembenukira kwa ine. "Bambo a Tiya, zaka zonse zija ku Dwangwa, munaonapo njoka yodziyalira mkeka?"

Ndaimapo pamaso pa mabwana okwiya, mphiri inalumapo nsapato ili kuphazi kwanga, koma sindinadzimvepo kuchepa ngati m'mawa umenewo. Chimene chinandipweteka si kuseka kwa anthu. Anali mawu aja oti inunso, chifukwa pa gulu la onena kuti sukulu yake inali yotaya nthawi, wapampando ndinali ine, kungoti ndinkanenera mumtima.

Tiyamike anatulutsa foni kuti auze mayi Nachisale kuti madzulo kulibe chowala. Ndinagwada pafupi naye, mawondo akulira.

"Usaimbe kaye. Dzuwa likadali apo. Ine za magetsi sindizidziwa, koma manja ndili nawo. Lero kapitawo ndiwe, undiuze chochita."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anapukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje cha amake. "Choyamba, kabiseni chikwanjecho."

Tinayala zidutswa pansi pa mtengo wa mango. A Jafali anakatenga ulusi wawo n'kudzakhala pansi osapemphedwa, akuti ukonde ndi ukonde, kaya ugwire usipa kaya uvale njoka. Tiyamike anatsegula chikwama chake n'kutulutsa kachitsulo kosungunulira mtovu, tizopanira, ndi kamakina koyezera ngati waya uli ndi moto. Ntchito yanga inali kugwira timawaya tiwiri towonda ngati tsitsi kuti tikhudzane pamene iye akudonthezerapo mtovu. Zala zanga zinazolowera chikwanje. Zinkanjenjemera, timawaya n'kumathawana.

"Musapume, bambo."

"Ndisapume?"

"Pang'ono pokha. Mukapuma dzanja likugwedezeka."

Ndinasiya kupuma. Mtovu unadonthera pa chala changa chachikulu, ndinangoluma mano osadandaula, chifukwa ndinaona kuti ndi chilango chochepa. Ndipo ndili chete chomwecho ndinayamba kumuona mwana wanga akugwira ntchito. Ankadziwa waya uliwonse kumene ukuchokera ndi kumene ukupita. Akayeza n'kupeza kuti moto sukudutsa, sankatukwana monga tinkachitira ife kumunda, ankangobwerera m'mbuyo n'kuyezanso. Ndayang'anirapo amuna ambiri pa ntchito, ndipo munthu wodziwa chimene akuchita ndimamudziwa.

Chakumasana tinamva ndodo ikugogoda m'njira. Anali mayi Nachisale, mbiri itawapeza foni isanaimbidwe. Anaima n'kuyang'ana zidutswa zija monga ankayang'anira munthu wobwera pa machira.

"Wodwalayu achira?" anafunsa.

"Achira, agogo, koma zipsera zikhala," anatero Tiyamike.

"Zipsera si matenda. Ikamakwana faifi koloko undiuze. Zikakanika tingoimba kwaya, ndipo aja a nyale za disiko atiseke ine ndi iwe mpaka chaka chamawa." Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupukusa mutu, n'kumapita.

Pofika cha m'ma thuu koloko thupi linalumikizana, koma pa malo atatu pamene chikwanje chinadutsa timababu tinafa, kutalika kwake ngati chikhatho, ndipo tina tosinthira panalibe. "Pamenepa pakhala mdima," anatero Tiyamike. "Palibe chochita." Vuto lalikulu linali mutu, umene tsopano unali phulusa. Anandionetsa chithunzi chake pa foni kuti tione ngati tingapange wina.

Apa ndi pamene ndikanayenera kutseka pakamwa. Ndinayang'anitsitsa chithunzicho n'kunena kuti, "Koma mutu uwu si wa nsato. Uwu ndi wa buluzi."

A Jafali anatsokomola. Amake Tiya, amene ankabweretsa madzi akumwa, anaima ndi jagi m'malere. (Musandifunse kuti ngati unali wa buluzi ndinautemeranji. Funso limeneli andifunsa kale anthu ambiri.)

Ndinkayembekeza kuti mwanayo aliranso. M'malo mwake anati, "Ndiye wa nsato umakhala bwanji?"

Palibe mwana wanga amene anandifunsapo za njoka, kupatula kundiitana kuti ndidzaphe. Ndinakasolola chiwale chouma pa denga la khola la nkhuku, ndinadula zidutswa zitatu, n'kuzilumikiza ndi tizisonga ta nsungwi, n'kuyamba kusema ndi kampeni. Ndinamuuza kuti mutu wa nsato ndi wophwatalala, wotambalala chakumbuyo, ndipo pamwamba pake pamakhala chizindikiro ngati nsonga ya mkondo. Maso sakhala pamwamba, amakhala m'mbali. M'mphepete mwa mlomo muli timaenje. Iye ankafunsa, ine n'kumayankha, ndipo anandiuza ndibowole mkati kuti alowetsemo timababu tiwiri timene anachotsa kumchira. Kenako nanenso ndinafunsa funso limene ndikanafunsa pa foni paja.

"Nanga bwanji njoka? Nyumba yochiritsira anthu, iwe n'kuikapo chinthu choluma?"

"Inu munkapita bwanji ku dispensale muli mwana?"

"Ankachita kundikoka, ndikulira. Jakisoni wa nthawi imeneyo singano yake inali ngati msomali."

"Ndi zimenezotu. Munkalowa mukuopa, n'kutuluka mutachira. Ngakhale mankhwala a munthu wolumidwa amawapanga kuchokera ku ululu wa njoka yomweyo. Ndinkafuna chinthu choti munthu akachiona ayambe waopa, kenako ayang'anitsitse."

"Ine ndinalekera pa kuopa," ndinatero.

"Inu munapitirira," anatero a Jafali, osadzutsa mutu pa ukonde.

Tiyamike anaseka, koyamba tsiku limenelo.

Njokayo tinainyamula anthu anayi pa mapewa, ndipo njira ya ku dispensale imadutsa pamsika. Ine anandipatsa kumutu. Ogulitsa nsomba anaimirira m'mabenchi mwawo. Wina anakuwa kuti, "Madala, yadzukanso?" Wina anati ndisamale ingandiphonyenso pakhosi. Ndinangoyang'ana kutsogolo n'kumayenda. Titafika tinaizunguliza pa nsanamira ya pakati, mutu n'kuumangirira pansi pa denga, chingwe n'kupita ku batire yaikulu imene anaibisa kuseri kwa tebulo. Faifi koloko isanakwane Tiyamike anakauza mayi Nachisale kuti wodwala wakhala tsonga.

Dzuwa litangolowa anthu anali atadzaza pabwalo. Kutsogolo kunakhala abusa, shehe wa mzikiti wa kugombe, mayi Nachisale, ndi mlendo wolemekezeka wochokera ku boma, bambo wa suti amene yekha pa gulu lonselo sanamve za m'mawa.

Kumbuyo kunali manong'onong'o. Ena ankati njoka pa nyumba ya mishoni ndi zausatana, ndipo mayi wina anali atanyamula kale mpando wake kuti azipita. Mayi Nachisale anamva. Anaimirira, anamasula kabaji kakale pa bulauzi yawo, n'kukakweza m'mwamba. "Aka ndinavala zaka zonse ndikukubadwitsirani ana m'nyumba iyi. Pa kabajika pali ndodo, pa ndodopo pali njoka. Munandithawapo?" Abusa anawonjezera za njoka yamkuwa imene Mose anaipachika pa mtengo m'chipululu, kuti wolumidwa akaiyang'ana achire, ndipo shehe anavomereza ndi mutu n'kunena kuti za ndodo ya Musa imene inasanduka njoka nawonso amazidziwa bwino. Mayi uja anabweza mpando wake, koma anaukhazika kumapeto, pafupi ndi njira.

Tiyamike anandikodola kuti ndikaime naye pafupi ndi tebulo. Kenako anadina swichi.

Ndilibe mawu abwino ofotokozera. Njerwa zakale zija, zimene ndaziona moyo wanga wonse zili zotuwa ndi fumbi, zinafiira ngati zangotuluka mu uvuni. Njoka inawala ngati mkuwa kuyambira pansi mpaka kudenga, maso a ukonde akuponya zithunzithunzi pa khoma lonse, ndipo pamwamba mutu wa chiwale uja unkayang'ana anthu ndi maso awiri ofatsa. Bwalo lonse linati, "Eee!" Ndinanyada, ndipo ndinachita manyazi kuti ndanyada mochedwa chonchi.

Mabala atatu aja analipo ndithu, mipata itatu yakuda bii, yooneka kwa aliyense.

Mlendo wolemekezeka anapempha chimkuzamawu. "Chimene chandikhudza kwambiri ine," anatero, "ndi mipata itatu ya mdima imeneyi. Waluso wathu waganiza mozama zedi. Ikuimira nyengo zovuta zimene nyumba ino yadutsamo. Njala. Miliri. Komanso..." Anaima kufunafuna chachitatu.

"Chikwanje!" anakuwa amake Esinati kumbuyo.

Anthu anagwa m'mipando ndi kuseka. Abusa anabisa nkhope m'chipewa. Mlendo anangoti kakasi, ine ndikulakalaka nditalowa pansi.

Tiyamike analandira chimkuzamawu. "Zikomo bwana. Mipata imeneyo ndi ntchito ya bambo anga awa. Aipanga m'mawa, osandifunsa. Koma mutu mukuuona ukowo asemanso ndi iwowa, ndipo ndi wabwino kuposa umene ndinabwera nawo ine. Khungu asoka a Jafali. Ndiye musaombere m'manja ine ndekha." Anthu anaomba, amayi n'kuimba nthungululu, ine nditazyolika, ndikuyang'ana chala changa chopsa.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Sindinkadziwa kuti pali swichi yachiwiri.

Ataidina, kuwala kunayamba kuyenda. Kunkachokera kumchira, kuzungulira nsanamira pang'onopang'ono, kudumpha mipata yanga ija, mpaka kumutu, n'kuyambiranso. Njoka inayamba kukwera. Ndikulumbira, inkakwera, thupi likufinya nsanamira monga imachitira nsato pa mtengo. Mawaya ake ndinali nditawagwira ndi zala zangazi tsiku lonse. Mutu wake ndinasema ndine. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino.

Koma nditayang'ana kumanja kwanga, ndinapeza dzanja langa lili m'mwamba, litagwira ndodo ya mayi Nachisale. Ndinaitenga nthawi yanji, sindikudziwa mpaka lero. Phazi lamanzere linali kale kutsogolo, ndipo maso anga anali atasankha kale malo.

Tiyamike sanatembenuke n'komwe. Maso ali pa nsanamira, anatambasula mkono n'kundigwira dzanjalo, n'kulitsitsa pang'onopang'ono.

"Bambo," ananong'ona, "iyi ndi yathu."

Ndodo ndinaibweza kwa mwini wake, amene anailandira n'kuisunthira mbali ina ya mpando, kutali ndi ine. Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo ndinasintha. Sindinasinthe kwenikweni. Dzanja ili ndi lokalamba, ndipo silinaphunzire kanthu. Koma mwana wanga ankalidziwa bwino, ndipo sanalisiye. Analigwirabe chomwecho, anthu onse akuona, mpaka batire inatha.